Tabuleti, nyimbo kapena TALULAR: chimawagwira mtima ana n'chiti?

Aphunzitsi anzanga a Sitandade 1 mpaka 4 kuno ku Dedza, njira zitatuzi tonse timazidziwa, koma mphamvu zake sizifanana.

Matabuleti a BEFIT (pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu), amene anayamba kufika m'sukulu za pulayimale mu 2023, ubwino wake ndi woti mwana aliyense amaphunzira pa liwiro lake. Wavala mahedifoni, wayankha, tabuleti yamuuza pomwepo ngati wakhoza. Ngakhale uja wamanyazi, wosakweza dzanja chaka chonse, umamuona akumwetulira yekha. Koma ana amalandizana m'magulu, nthawi ya aliyense ndi yochepa, ndipo magetsi ake ndi a sola. Chifunga cha mu June chikakuta phiri la Dedza, mtima umakhala m'mwamba.

Nyimbo sizilira ndalama, ndipo m'mawa wozizira zimachotsa tulo. Vuto lake, mwana amatha kuimba manambala mpaka 20 bwinobwino, koma ukamulozera 13 pa bolodi, angoti kukamwa yasa.

Ine mtima wanga uli pa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pakhomo pomwe: zitsekerero za mabotolo, timitengo, dongo, makatoni. Konzani kamsika ka Lizulu pakona ya kalasi. Timiyala tikhale milu ya mbatatesi, masamba a mtengo akhale kabichi, mapepala odula alembedwe K50, K100 ndi K500. Wina agulitse, wina agule. Mudzadabwa kuti mwana amene amalephera samu yochotsera m'kope akubweza chenji osaphonya, mpaka kukana kutsitsa mtengo, chifukwa amaona amayi ake akuchita zomwezo pamsewu wa M1. Akatha, muuzeni akalembe pa bolodi zimene wachita zija. Ambiri timadumpha pamenepa, ndiye phunziro limathera m'masewera.

Komatu TALULAR ndi thukuta. Tabuleti imabwera ndi phunziro lokonzeka kale, pamene apa wokonza ndiwe, madzulo, utatopa. Kalasi ikakhala ya ana ochuluka, zipangizo zisanu sizikwana. Ena amangosuzumira pamapewa a anzawo mpaka phokoso layamba. Uzani mwana aliyense abwere ndi zitsekerero zake khumi m'kajumbo. Za makatoni zokha musazisiye pansi m'kalasi yopanda chitseko: chiswe chikazisiya, mbuzi zimaliza. Pemphani ahedi kakona mu ofesi.