Kanyenya wopanda nyama: bowa kapena masoya pisi?

Mwaitana alendo kuno ku Dedza, ena mwa iwo sadya nyama. Pambali pa chimanga ndi kachewere wa ku Lizulu, pa waya muikepo chiyani?

Mtengo: masoya pisi ndi otchipa, paketi imodzi imafufuma ikanyikidwa. Bowa amachepa akakumana ndi moto, ndiye mugule wambiri.

Kapezekedwe: masoya pisi ali m'magolosale chaka chonse. Bowa wakutchire ndi wa nthawi ya dzinja yokha, ndipo sachedwa kuwonongeka.

Ntchito: masoya pisi amafuna kuwanyika m'madzi otentha, kuwafinya, kuwapaka mafuta, adyo ndi tsabola wa kambuzi musanawabaye pa kamtengo. Mukapanda kutero amauma gwa. Bowa mumangomupukuta dothi, kumupaka mafuta ndi mchere, basi.

Kukoma: apa ine mtima wanga uli pa bowa. Utale ukamatsetsereka madzi pa makala, fungo lake limaitana ndi oyandikana nawo omwe. Koma chonde gulani kwa amayi omudziwa bwino, pakuti bowa wina amapha.

Ngati alendo ndi ambiri kapena ndi nthawi ya chilimwe, tengani masoya pisi. Ngati ndi ochepa ndipo mvula ikugwa, bowa ndiye wanu.