Snapseed pa zithunzi za phiri, kwa ine nyenyezi zisanu

Amene mumajambula ndi foni kuno ku Mulanje mukulidziwa vuto lake, ukaima pa Chitakale masana kuloza phiri kumwamba kumatuluka koyera mbee, phirilo lakuda bii, tiyi amene maso ako akumuona wobiriwira bwino pafoni wangoti mbuu. Snapseed, app yokonzera zithunzi pafoni, ndi imene yandithetsera zimenezi. Ndi ya Google, yaulere, palibe zolipira pamwezi kapena ma advert odumphira kumaso, ndipo ukangoidawunilodi basi sifunanso bandulo, olo uli ku Likhubula netiweki ikuvuta ntchito ikuyenda.

Ine ndimayambira pa Tune Image, pokonzera kuwala ndi mitundu, Highlights (malo owala) kutsitsa kuti mitambo ibwerere, Shadows (malo akuda) kukweza kuti miyala ya Chambe ioneke mizere yake, Ambiance pang'ono chabe. Koma chimene ndimaikondera zedi ndi Selective. Umadina malo amodzi pachithunzi, kutsina ndi zala ziwiri kuti dera likule kapena lichepe, ndiye nkumawalitsa pokhapo kwinaku osakhudza. Mlongo wanga ndinamujambula pa Dziwe la Nkhalamba, iye ali pamthunzi wa mitengo madzi akuwala kumbuyo, nkhope inada yonse maso osaoneka. Ndinaika kadontho pachipumi nkukweza brightness pang'onopang'ono mpaka nkhope inatuluka, khungu lake lomwe lija lakuda bwino, madzi kumbuyo ali chimodzimodzi. Apa ndi pamene ma app ambiri a ma filter amandikhumudwitsa, amamuyeretsa munthu ngati wadzola mafuta oyeretsa khungu mpaka mayi ake omwe osamuzindikira, pomwe ife tikufuna munthu aoneke mmene alili.

Healing nayo ndi yabwino, mawaya a magetsi odutsa kumwamba kapena jumbo yotayidwa m'mbali mwa msewu umangopaka ndi chala zachoka. Pakati pa mizere ya tiyi pamafunika kuzuma kaye ndi kupaka pang'onopang'ono, ukapupuluma masamba amaphatikizana zimaonekeratu kuti pakhudzidwa.

Nyengo ya chiperoni chonde musamathamangire HDR Scape ndi Structure yambiri, zida zimene zimachititsa kuti mizere ndi tinthu ting'onoting'ono ta pachithunzi zioneke kwambiri. Ndimaona zithunzi pa Facebook phiri lachita kuuma gwa, tiyi wobiriwira mopweteka maso, nkhungu yonse yathawa, chonsecho nkhunguyo ndi imene imakometsa Mulanje mu June ndi July. Isiyeni, mungokonza White Balance kuti chithunzi chisakhale cha buluu kwambiri.

Ngati foni yanu ili ndi pro mode yojambula RAW, zithunzi zimene foni sinazikonze kapena kuzipanikiza, mafayilo ake a DNG Snapseed imatsegula ndipo mitambo imabwerera bwino kuposa pa JPEG, zithunzi zanthawi zonse zija, kungoti amadya malo mufoni. Zonse mu Snapseed zalembedwa m'Chingerezi koma mukangoseweretsa madzulo amodzi mwazolowera. Potumiza pa WhatsApp sankhani HD kapena tumizani ngati document, apo ayi ntchito yonse ija ikafika kwa mnzanu itafufutika.