Ndemanga: bambo otiperekeza ku dambo la Monavale

Abale a kuno ku Harare amene mwakhala mukundifunsa za bambo aja operekeza anthu ku Monavale Vlei, ndemanga yanga ndi iyi. Tinapita nawo mu Januwale, mvula ili pakati, ife makolo angapo pamodzi ndi achinyamata a kumpingo kwathu ku Mufakose. Ndalama zathu sizinapite pachabe.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti bambowa sakamba za mbalame zokha. Tisanalowe n'komwe m'udzu anatiimika pamtunda n'kutilozera kumene madzi a dambolo amapita: amatsikira mu mtsinje wa Marimba, n'kukathira m'nyanja ya Chivero, komwe mzinda uno umatunga madzi ake kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Kenako anatapa dothi lakuda lija n'kulifinya m'manja, madzi n'kuyamba kuchucha. Dothi limeneli pamodzi ndi mizu ya udzu limamwa madzi a mvula ngati chinkhupule, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe atasefeka kale. Pakathiridwa simenti kapena pakagaulidwa, madzi amangothamanga pamwamba atanyamula matope ndi feteleza, ndipo zitsime ndi mijigo ya m'makomo mwathu zimaphwa msanga.

Apa mayi ena ochokera ku Dedza sanapirire. Anafunsa ngati kulima dimba m'dambo kwasanduka mlandu, pomwe kwathu ndiwo zamasamba ndi mondokwa timazipeza m'madimba. Ndinakondwa ndi mayankhidwe a bambowa. Sanawanyoze mayiwo ngakhale pang'ono. Anafotokoza kuti mzinda wa Harare uli kumtunda kwa nyanja imene umamwako, choncho chilichonse chotayidwa m'madambo ake chimatibwerera pampopi. Anawonjezera kuti malamulo a dziko lino amaletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje. Ine ndimaidziwa njala imene imachititsa anthu kudzala chimanga m'madambo a mumzinda muno, ndipo sindingawaloze chala. Koma amene amabwera ndi magalimoto a zinyalala ndi zigumu za njerwa, kapena kugawa mapuloti pamalo onyowa chonchi, amenewo amandipweteka mtima, chifukwa satero ndi njala.

Anatiuzanso kuti Monavale inalowa m'kaundula wa madambo otetezedwa pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar mu 2013, ndipo ndi amodzi mwa malo 7 a ku Zimbabwe amene analembedwa chaka chimenecho, kuphatikizapo Cleveland Dam ndi Chivero yomweyo. Anthu okhala m'deralo ali ndi bungwe lawo, COSMO, lomwe lakhala likulimbana kuti dambolo lisamangidwe.

Mbalame zinalipo zambiri. Nantchengwa ndi akakowa anawo anazizindikira okha, koma zimene zinawatenga mtima ndi timbalame takuda ta michira yaitali touluka mwaulesi pamwamba pa udzu. Bambowa amadziwa mbalame ndi kulira kwake kokha. Imene anthu amaiyendera kuchokera kutali nyengo ya dzinja, striped crake, sitinaione, ndipo iwo anali atatichenjezeratu kuti imabisala kwambiri. Kunena zoona koteroko ndinakuyamikira.

Zodandaula zilipo. Anabwera ndi magalasi oonera patali amodzi okha pagulu lonse, ana n'kumalimbirana mpaka mbalame kuuluka. Pokambirana pa foni sanatiuze zobweretsa majombo a mphira, ndiye ena anabwera ndi nsapato zakutchalitchi n'kubwerera zili matope okhaokha. Anafikanso mochedwa pang'ono, dzuwa litayamba kuswa mtengo, pamene mbalame zimakhala zayamba kale kuchepetsa kulira. Izi ndinawauza pamaso, ndipo anazilandira bwino.

Ngati mukufuna kupita nawo, khalani gulu laling'ono, nyamukani m'mamawa, ndipo mutenge chipewa ndi madzi akumwa chifukwa m'dambo mulibe mthunzi. Agogo amene miyendo imawavuta angachite bwino kutsalira m'mphepete, poti pansi pamaterera. Malipiro amalandira pa foni kudzera pa EcoCash kapena madola pamanja. Ife tapangana nawo kale kuti mu Seputembala adzatiperekeze ku Mukuvisi Woodlands, nthawi imene mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira.