Wosadya nyama ku Zomba: pakhomo, palesitilanti kapena kuphiri?

Ndatha zaka zitatu ndisakudya nyama ngakhale nsomba. Mu Febuluwale ndinakhala sabata ziwiri kwa azakhali anga kufupi ndi Jali, njira ya ku Nyanja ya Chilwa, ndipo ndinadyako malo atatu osiyana.

Pakhomo ndi pamene pali ndiwo zenizeni, koma mayeso alinso pomwepo. Ndisanatule n'komwe chikwama, ana anali atayamba kale kupirikitsa tambala. Ndinakanjuta pakhomo la khitchini.

"Azakhali, pepani, nkhukuyo isiyeni. Ine nyama ndinasiya."

"Iwe mwanawe, walowa mpingo wanji?"

Kumudzi kuikira mlendo masamba okhaokha ndi manyazi kwa mwini khomo, ndiye kukana nkhuku kumamveka ngati wakana iwowo. Madzulo ake m'mbale munali matemba, poti kwa anthu a m'mbali mwa Chilwa nsomba si nyama. Muzitchula chimodzichimodzi: nyama, nsomba, ngumbi, mbewa. Bwinonso kuimbiratu foni musananyamuke.

Atamvetsa, ndinadya mpaka lamba kuthina. Nkhwani wotendera nsinjiro zosinja tsiku lomwelo, chisoso, bonongwe wothyola kuseri kwa khola, therere lothira chidulo, bowa wadzinja. Chigwada ndicho chinandigonjetsa. Amasinja masamba a chinangwa mumtondo n'kuwaphika nthawi yaitali kuti ululu wake uthe, kenaka nsinjiro. Ukapisamo mbamu ya mgaiwa suganizanso za nyama. Kungoti Febuluwale ndi mwezi wa njala, masamba ali mbwee koma nkhokwe zili pululu. Osapita chimanjamanja. Nyamulani ufa, mafuta ophikira, mchere ndi shuga.

Malesitilanti a pamsika, kaya pa Jali, Songani kapena Thondwe, ubwino wake ngwakuti palibe amene amakufunsa za mpingo. Nyemba sizisowa, ndipo mpunga wa m'madambo a Chilwa umanunkhira usanafike patebulo. Vuto ndi dzanja la woperekera. Pamalo ena ndinaitanitsa mpunga wa nyemba, mayi uja mwa chifundo chake n'kundithirira msuzi wa ng'ombe pamwamba, ati ndisadye zouma. Nenani msanga kuti supu ayi. Masamba ake amakhala repu kapena chainizi, kadontho chabe pambali pa mbale, zotendera mulibe. Funsani ngati ali ndi soya pisi. Za pachiwaya iwalani, chipisi chimasambira m'mafuta amodzi ndi nkhuku ndi zam'kati. Kuli bwino kugula chimanga chowotcha, chinangwa chophika kapena zitumbuwa, n'kutsitsira thobwa.

Kuphiri, cha ku Ku Chawe, ndinakwerako tsiku limodzi lokha. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo malo ogona alendo kumeneko anazolowera azungu osadya nyama, moti sulongosola kawiri. Chakudya n'chaukhondo, kamphepo kayaziyazi, tawuni yonse ukuionera pansi. Koma zomwe amakupatsa ndi saladi, pasita ndi kachewere, zomwe ndikanadya ku Lilongwe komwe ndimakhala, ndipo ndalama ya mbale imodzi ikanagulira azakhali tomato ndi mafuta a sabata yathunthu. Chondibwezera kumeneko ndi sitiroberi ndi mabulosi zomwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu pa nyengo yake.

Amene muli ndi tsiku limodzi ndiponso thumba lolemera, kwerani phiri. Amene mukungodutsa, mpunga wa nyemba wopanda supu ukufikitsani. Ine ndibwereranso kwa azakhali mu Ogasiti, nandolo wamuwisi akamatongoledwa pakhonde. Dzana anandiimbira foni, ati tambala uja akadali moyo ndipo akuvutitsa m'dimba la aneba, choncho ndikamabwera ndidzatenge mnzanga wodya nyama.