OSPF, EIGRP kapena RIP: iti yoyenera ma rauta a maofesi athu muno mu Lilongwe?

Titenge bungwe lomwe lili ndi likulu ku City Centre, nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo ndi kaofesi kena ku Area 47. Likulu ndi Kanengo zalumikizidwa ndi faiba, ndipo padenga pali wailesi yolumikizira netiweki popanda waya yoti izinyamula ntchito faiba ikaduka. Funso n'lakuti ma rauta, zida zolondolera deta pakati pa ma netiweki, azidziwitsana bwanji za njira popanda munthu kulemba iliyonse pamanja. OSPF, EIGRP ndi RIP ndi ndondomeko zitatu zomwe ma rauta amatsata pochita zimenezi.

RIP tisachedwe nayo. Imangowerenga ma rauta omwe paketi (kachidutswa ka deta) idutsemo, malire ake 15, ndipo imatumiza tebulo lonse la njira pa masekondi 30 aliwonse. Wailesi yofooka yodumpha kamodzi imaiona yabwino kuposa faiba yodumpha kawiri. Ndi yophunzirira mu labu basi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa EIGRP ndi OSPF. EIGRP ndi yosavuta kuyatsa, ndipo ndi yokhululuka: ma hello ake (mauthenga omwe ma rauta amalonjerana nawo), omwe pa Ethernet amapita pa masekondi 5 aliwonse, atha kusiyana mbali ziwirizo koma ma rauta n'kumagwirizanabe, bola nambala ya AS (yozindikiritsa gulu la ma rautawo) ndi ma K value (manambala owerengera ubwino wa njira) zifanane. Imasankha njira poyang'ana bandwidth (liwiro) ndi delay (kuchedwa) za pa interface (doko la rauta), choncho mukafuna kuti wailesi ikhale yodikirira, mumangokweza delay yake. Ilinso ndi variance, yomwe imalola kugawa katundu pa njira ziwiri zosafanana mphamvu, chinthu chomwe OSPF sichita. Vuto lake ndi la kumene inabadwira. Ndi ya kampani ya Cisco, ndipo ngakhale inalembedwa poyera mu chikalata cha RFC 7868 mu 2016, ma rauta a kampani ya MikroTik alibe nayo ntchito. Muno mu Lilongwe, komwe likulu limakhala ndi Cisco koma nthambi n'kuigulira MikroTik chifukwa cha mtengo, nkhani ya EIGRP imathera pomwepo.

OSPF imalankhula ndi aliyense, koma imafuna muisamalire pa interface iliyonse. Hello ya masekondi 10 ndi dead ya 40 (nthawi yodikirira hello rauta isanatenge inzake ngati yafa) ziyenera kufanana mbali zonse, area (chigawo cha netiweki) chimodzimodzi. MTU (malire a kukula kwa paketi) ikasiyana, ma rauta amaima pa EXSTART kapena EXCHANGE asanamalize kugwirizana, inu n'kumakayikira waya wosalakwa. Pa Cisco ine ndimakonda kulemba ip ospf 1 area 0 pa interface penipenipo kusiyana ndi lamulo la network lokhala ndi wildcard mask, chifukwa wobwera pambuyo panu amaona msanga doko lomwe likutenga nawo mbali. RouterOS 7, pulogalamu ya ma rauta a MikroTik, nayo imayendera interface-template, ndiye maganizo ake ndi ofanana.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa cost, nambala yomwe OSPF imasankhira njira: yotsika ndiyo imapambana. Cisco imagawa 100 Mbps ndi liwiro la interface, motero FastEthernet ndi Gigabit zonse zimapeza 1. Choipa kwambiri, wailesi ija imalowa pa doko la Gigabit ngakhale mumlengalenga ikunyamula zochepa, ndiye rauta imaiyesa yofanana ndi faiba n'kumagawa katundu pakati. Mafoni a pa netiweki amayamba kudukaduka, makamaka mvula ikalimba. Lembani cost pamanja, mwachitsanzo 10 pa faiba ndi 100 pa wailesi, mbali zonse ziwiri, pakuti cost imawerengedwa potuluka. MikroTik payokha siiwerenga cost kuchokera ku liwiro la doko, kotero kumeneko kulemba pamanja n'kosathawika.

Ulalo wa ma rauta awiri okha uikeni point-to-point, pasakhale chisankho cha DR ndi BDR (rauta yotsogolera ndi yachiwiri yake) chongochedwetsa magetsi akabwerera. Madoko opita kwa ogwira ntchito akhale passive, kutanthauza osatumiza ma hello.

Amene mukusamuka kuchoka pa EIGRP kupita pa OSPF, kumbukirani kuti Cisco imakhulupirira EIGRP pa 90 pomwe OSPF ili pa 110, ndipo nambala yotsika ndiyo imapambana. Zonse zikayaka limodzi, tebulo lidzadzazabe njira za EIGRP mpaka mutaizimitsa, ndiye musanaichotse onani kaye show ip ospf database kuti ma subnet onse a ku Kanengo ndi Area 47 afikamo.