Belize kapena Mexico: mafuwa atatu a ulendo umodzi

Ulendo umenewu uli ngati mphika wokhazikika pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi nyanja, kupalasa kayaki, kabwato kakang'ono ka nkhafi, pamwamba pa miyala ya korali, yomangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja. Lachiwiri ndi nkhalango ndi nyama zake. Lachitatu ndi mabwinja a mizinda yakale ya anthu a mtundu wa Amaya. Malo amene angakupatseni zitatu zonsezi m'masabata awiri ndi owerengeka, ndipo amene amavutitsa anthu posankha ndi awiri oyandikana: kadziko ka Belize, ndi gombe la Mexico loyang'ana nyanja ya Caribbean, kuchokera ku Cancún kutsika mpaka ku Chetumal. Konseko ndinapondako, Mexico poyamba kenako Belize. Sindibisa, mtima wanga unatsalira ku Belize. Kungoti thumba ndi pasipoti nazo zili ndi maganizo awo, ndiye tiyeni tizimvetsere.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa kusiyana kwakukulu kuli pamenepo. Khoma la korali ndi limodzi lomwelo, lotalika makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kunsonga ya Yucatán kukafika ku Honduras, ndipo gawo la Belize ndi makilomita ngati 300. Nkhani ili pa mtunda wake kuchokera kugombe. Ku Mexico khomali linakumbatira mtunda. Pa Puerto Morelos mumaona mafunde akusweka pa korali muli chiimire pamchenga, mamita ngati 500 okha. Ndi malo otetezedwa ndi boma, kotero mumapita ndi wokutsogolerani mutavala jekete yoyandamitsa, ola limodzi kapena awiri n'kubwerera kuhotela kukadya nkhomaliro. Zabwino ndithu, koma ndi kulawa chabe.

Ku Belize, makamaka chapakati ndi kum'mwera, khomali lili kutali ndi mtunda, ndipo pakati pake pali madzi osaya, odekha, okhala ndi tizilumba mazanamazana. Apa kupalasa kumasanduka ulendo weniweni: mumalongedza tenti, madzi ndi chakudya m'mimba mwa kayaki, lero kugona pa Tobacco Caye, mawa kulowera ku South Water Caye. Kuseri kwa khomalo kulinso zilumba zitatu za korali zozungulira ngati mphete, Turneffe, Lighthouse Reef ndi Glover's Reef. Mexico ili nayo imodzi yotere, Banco Chinchorro, koma kumeneko ndi kwa anthu omira ndi mabotolo a mpweya.

Ine ndinakhala sabata pa Glover's Reef, makilomita ngati 45 kuchokera kumtunda. M'kati mwa mphete yake muli timilu ta korali toposa 700, ndipo madzi ndi oyera moti mthunzi wa kayaki yanu mumauona ukukutsatani pamchenga wapansi. Mukafika pamulu umodzi mumamangirira kayaki, n'kuvala magalasi ndi kapaipi kopumira, n'kutsetserekera m'madzi. Chimene chinandidabwitsa si mitundu ya nsomba ayi, munthu woti anaonapo mbuna ku Cape Maclear sadabwa msanga ndi mitundu. Chinali phokoso. Pansi pa madzi pamathetheka ngati nkhuni zikuyaka, ndipo nsomba ina ya kukamwa konga kwa chinkhwe imakukuta korali mpaka kumveka kuti khurr, khurr. Kubwerera m'kayaki muli pamadzi akuya ndiye ntchito ina. Tsiku loyamba ndinagubuduza kayaki kawiri, munthu wa mtundu wa Agarifuna amene ankatitsogolera akungoseka chapansipansi.

Amene munapalasapo kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Domwe kapena ku Mumbo, nkhafi ndi yomweyo, mapewa amawawanso chimodzimodzi. Ndipo monga mwera umatsekera asodzi kumtunda, ku Belize kuli mphepo yakumpoto imene imabwera pakati pa Disembala ndi Febuluwale, n'kukukhazikani pachilumba masiku awiri mukungoyang'ana mafunde. Musakonze ulendo wothithikana moti tsiku limodzi lotayika likupasulireni zonse. Chinanso, korali ndi chamoyo. Sapondapo, sagwira. Wina amaotcha khungu ngati chitedze.

Moyo wa pachilumba si wa aliyense. Madzi osamba ndi amvula a m'thanki, chimbudzi ndi chokumba, netiweki ndi ya mwayi. Pamsasa pamene ndinagona anatiuza kuti kulibe tizilombo toluma. Linali bodza lamkunkhuniza. Mphepo ikangoleka madzulo, kumabwera tintchentche tating'ono tosaoneka bwino n'komwe, toluma kuposa udzudzu, ndipo akakolo anga anatupa sabata yathunthu. Tengani buluku lalitali lopepuka ndi masokosi. Za Great Blue Hole, dzenje lotchuka lija la mamita oposa 300 m'mimba mwake ndi 124 kuya, ndinene mwachidule: kukongola kwake kumaoneka muli m'ndege. Muli m'kayaki ndi madzi akuda basi.

Mexico nayo ili ndi madzi ake amene Belize sangafanane nayo, kungoti si a korali. Nyanja ya Bacalar ndi ya madzi opanda mchere, yotalika makilomita 42, ndipo m'mamawa imakhala bata ngati galasi. Kwa munthu amene sanagwirepo nkhafi, palibe sukulu yoposa imeneyo. Ku Sian Ka'an, malo otetezedwa a mahekitala 528,000 kum'mwera kwa Tulum, mumayandama chagada m'ngalande zimene Amaya ankadutsamo ndi mabwato a malonda. Ndiye pali ma cenote, zitsime zachilengedwe m'mapanga, madzi ozizira bwino dzuwa likaswa mtengo. Vuto la magombe onse awiri ndi udzu wa m'nyanja wotchedwa sargassum. Chiyambire 2011 umabwera mochuluka, makamaka kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, n'kuunjikana pamchenga ngati namasupuni pa Shire, ukawola n'kumanunkha mazira ovunda. Zithunzi za mahotela sizionetsa zimenezo.

Kunkhalango, funso loyamba la aliyense ndi la jaguar, kambuku wa kumeneko. Musadzinamize. Ku Cockscomb Basin ku Belize, malo oyamba padziko lonse kupatulidwa chifukwa cha nyamayi mu 1986 potsatira kafukufuku wa Alan Rabinowitz, anthu ambiri amangoona mapazi ake m'matope. Inenso ndinaona mapazi okha, aakulu ngati chikhatho changa, pafupi ndi mtsinje. Amene munazolowera ku Liwonde kapena ku South Luangwa, kumene njovu zimaonekera patali pachigwa, mudzayamba mwakhumudwa. Nkhalango ya kumeneko ndi yothithikana, nyama mumazimva kuposa kuziona. Koma kumva kwake! Anyani akuda otchedwa howler amabangula mbandakucha ngati mikango, mpaka usiku woyamba ndinadzuka n'kukhala tsonga, mtima uli m'mwamba, pamene mwini mawuwo ndi kanyama kosaposa galu wapamudzi. Abelize amawatcha baboon ngakhale si nyani wathu uja, ndipo pamudzi wa Bermudian Landing alimi anagwirizana mu 1985 kusiya mitengo m'malire a minda yawo kuti anyaniwa azidutsa. Kumeneko mumawaona pafupi kwambiri.

Ubwino wa Belize ndi kuyandikana kwa zinthu. Dziko lonse ndi la masikweya kilomita pafupifupi 23,000, gawo limodzi mwa magawo asanu a Malawi, ndipo anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 400,000. Mukatsika boti pa Dangriga m'mawa, masana muli kale ku Cockscomb, mawa lake mwadutsa msewu wa Hummingbird kukafika ku San Ignacio kumene kuli mabwinja. Ku Mexico nkhalango yeniyeni ili ku Calakmul, m'chigawo cha Campeche. Kuchokera ku Cancún kukafika m'tauni ya Xpujil ndi makilomita pafupifupi 500, ndiye mukapatuka pamsewu waukulu patsalanso makilomita 60 a kamsewu kopapatiza ka m'nkhalango. Sitima ya Tren Maya, imene inayamba kuyenda mu Disembala 2023, yafupikitsako ulendo, koma Calakmul imadyabe masiku atatu a tchuthi chanu. Kufupi ndi gombe kuli apusi a miyendo yaitali ku Punta Laguna ndi akamba a m'madzi ku Akumal, komabe nkhalango ya m'mbali mwa msewu wa Cancún ndi Tulum inadyedwa kale ndi mahotela.

Pa mabwinja ndiye Mexico imatukula mutu. Chichén Itzá ndi yaikulu, yokonzedwa bwino, ndipo piramidi ya Kukulcán ndi kalendala ya miyala: masitepe 91 mbali iliyonse mwa zinayi, kuphatikizapo nsanja yapamwamba, zonse 365. Mukawomba m'manja patsogolo pake, mawu amabwerera ngati kulira kwa mbalame. Kungoti anthu oposa 2 miliyoni amafikapo pachaka, kukwera n'koletsedwa, ndipo njira zonse zadzaza ogulitsa ziboliboli ndi malikhweru olira ngati jaguar. Ikamakwana 11 koloko mumakhala ngati muli mumsika wa Limbe. Fikani geti likutsegulidwa. Tulum ndi yaing'ono, mbiri yake yagona pa malo amene inamangidwa, pathanthwe loyang'ana nyanja. Calakmul ndi nkhani ina. Mutakwera piramidi yake yaikulu mumaona mitengo yokhayokha mpaka kumene maso alekezera, ndipo apa ndi pamene panali likulu la mafumu a chizindikiro cha njoka, adani aakulu a Tikal, mzinda wina wa Amaya umene uli ku Guatemala.

Mabwinja a ku Belize ndi ocheperapo mbiri koma amakulolani kupuma. Popita ku Xunantunich mumawoloka mtsinje wa Mopan pa pantoni yopukusa ndi manja. Bambo wina amazunguza chitsulo, chingwe chikulira, galimoto zili pamwamba, inu mwaima pambali mukuyang'ana abuluzi aakulu m'mitengo. Kenako mumakwera El Castillo, mamita ngati 40, n'kuona Guatemala ili apo. Ku Lamanai mumafika pa boti kudzera mumtsinje wa New River, ndipo dzinalo limatanthauza ng'ona yomira. Caracol ndi yakutali m'mapiri, koma ndi mzinda umene unagonjetsa Tikal m'chaka cha 562, ndipo nyumba yake yotchedwa Caana, ya mamita 43, ikadali m'gulu la nyumba zazitali kwambiri m'dziko lonselo. Tsiku limene ndinapitako tinalipo anthu osakwana 20. Amene munayendapo pa Great Zimbabwe m'mawa alendo asanachuluke mukudziwa bata limene ndikunena. Ndipo kuchokera ku San Ignacio, Tikal mwiniwake ali maola awiri okha mukadutsa malire a Guatemala.

Chimene sindidzaiwala ndi phanga la Actun Tunichil Muknal. Mumalowa mosambira, n'kuyenda m'madzi ofika m'chifuwa, tochi ili pachipumi. M'katikati amakuvulani nsapato kuti muyende ndi masokosi pakati pa miphika ndi mafupa a anthu amene anaperekedwa nsembe zaka zoposa 1,000 zapitazo. Makamera analetsedwa mu 2012 mlendo wina atagwetsera kamera pachigaza n'kuchiboola. Ngati mumaopa malo opanikizika, phanga limeneli lisiyeni.

Pang'ono za pakamwa. Chimanga chathuchi kwawo ndi kumeneko, chinayamba kulimidwa kum'mwera kwa Mexico zaka ngati 9,000 zapitazo. Amaya amachiphika kaye m'madzi a laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo kutero kumamasula vitamini amene nsima yathu yoyera imasowa. Chakudya cha ku Mexico n'chotsika mtengo komanso chamitundumitundu, pamenepa palibe mpikisano. Koma ku Dangriga ndi ku Hopkins, kwa Agarifuna amene makolo awo ena anachokera ku Africa kuno, ndinadya hudut, nsomba yophika m'msuzi wa kokonati ndi nthochi zosinja mumtondo. Kumva munsi ukugunda kuseri kwa nyumba, ng'oma zikulira madzulo, ndinaiwala kuti ndili kutsidya kwa nyanja.

Tsopano thumba ndi pasipoti zija. Belize ndi yodula kuposa maiko oyandikana nayo. Dola yawo inamangiriridwa pa 2 kwa dola imodzi ya America, mafuta a boti ndi okwera, ndipo misasa ya pazilumba imagulitsa sabata yathunthu pamodzi, nthawi zambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo kapena Meyi, nyengo ya anamondwe ya Juni mpaka Novembala isanafike. Ku Mexico mungathe kudzikonzera nokha tsiku ndi tsiku, mabasi ndi abwino, malo ogona alipo a mtengo uliwonse. Chilankhulo chimakomera Belize: linali dziko la atsamunda a Britain lotchedwa British Honduras, linalandira ufulu mu 1981, ndipo Chingerezi ndicho cha boma. Ku Mexico mukangochoka kumahotela mufunika Chisipanishi pang'ono.

Chopinga chachikulu ndi ndege. Ndege zambiri zopita ku Belize City zimadzera ku Miami, Houston, Dallas kapena Atlanta, ndipo America imafuna viza ngakhale kwa munthu wongosintha ndege. Cancún imalandira ndege zochokera ku London, Madrid, Frankfurt ndi Istanbul osaponda ku America, ndipo Mexico imalola kulowa munthu amene ali ndi viza imene nthawi yake sinathe ya Britain, maiko a ku Ulaya a Schengen, Canada, Japan kapena America. Kwa abale athu a ku Britain, khomo lapafupi ndi limenelo.

Ndikanati ndiyambirenso, ndikanatera pa Cancún, n'kupatsa Chichén Itzá m'mawa umodzi, n'kukwera basi ya maola ngati 6 kutsikira ku Bacalar kukaphunzitsa mapewa nkhafi masiku awiri. Kuchoka apo Chetumal ili pafupi, malire a Belize ali pomwepo, ndipo mabasi akale a sukulu a ku America opakidwa utoto watsopano amakutengani kudzera ku Corozal ndi Orange Walk, kumene maboti a ku Lamanai amanyamukira, mpaka ku Belize City. Kumeneko mumasintha basi ya ku Dangriga. Malo pachilumba sungitsani miyezi ingapo zisanachitike, ndipo mufunse tsiku limene boti la ku Glover's Reef limanyamuka, chifukwa misasa ina imatumiza boti kamodzi kokha pasabata.