National Civil Rights Museum ku Memphis: musathere mphamvu m'zipinda zoyamba

Lorraine Motel ndi hotela yaing'ono yosanja kamodzi yomwe ili pa 450 Mulberry Street mumzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee ku America. Pakhonde lake lam'mwamba, kutsogolo kwa chipinda nambala 306, ndi pomwe Martin Luther King Jr., m'busa yemwe ankatsogolera anthu akuda pomenyera ufulu wawo, anawomberedwa pa 4 Epulo 1968, nthawi itangopitirira 6 koloko madzulo ndi mphindi imodzi. Anali ndi zaka 39. Kuyambira mu 1991 hotelayi ndi myuziyamu yosunga mbiri ya anthu akuda omenyera ufulu wawo ku America, ndipo mu 2014 anaitsegulanso ataikonza ndi madola 27.5 miliyoni. Alendo ambiri amabwera n'cholinga chodzaona chipinda cha King. Chipindacho chilipodi, koma chili kumapeto kwenikweni kwa njira yaitali yodutsa m'zipinda zambiri, ndipo wosadziwa zimenezi amakafikako miyendo italema, mutu utadzaza, n'kungosuzumira pagalasi n'kutuluka.

Kuti mulowe pamafunika tikiti, ndipo ana ndi okalamba amawatsitsirako mtengo. Ndi bwino kugula pa intaneti chifukwa matikiti amakhala ndi nthawi yolowera. Lachiwiri amatseka. Izi zimapweteka alendo omwe angopatula tsiku limodzi ku Memphis, choncho onani kalendala musanagule tikiti ya ndege. Pakhomo pali chipikisheni, ndiye chikwama chachikulu chisiyeni kogona. Patulani maola atatu. Awiri amakwana kwa munthu woyenda osawerenga kwambiri, koma wokonda kuwerenga chilichonse cholembedwa pakhoma ngakhale anayi amamuchepera. Masiku odzaza kwambiri ndi pa 4 Epulo komanso Lolemba lachitatu la Januwale, lomwe ndi tsiku lokumbukira King. Masiku ena onse vuto ndi magulu a ana asukulu, omwe amakonda kufika chakum'mawa. Mukapezana ndi gulu lotere pakhomo, lilekeni litsogole kaye kwa mphindi 15.

Panja salipiritsa. Chikwangwani chakale cha hotela chidakalipo, pakhonde lam'mwamba pali nkhata ya maluwa pamalo pomwe King anaima, ndipo pansi pake anaimikapo magalimoto awiri akale, Dodge ya 1959 ndi Cadillac ya 1968, kuti bwalo lioneke monga linkaonekera nthawi imeneyo. Zithunzi zapanja jambulani musanalowe, chifukwa potuluka simudzakhala ndi mtima wojambula.

Mkati njira ndi imodzi, ndipo imatsata zaka. Imayambira pa ukapolo, m'chipinda chozungulira chomwe pansi pake anajambulapo mapu a nyanja ya Atlantic ndi njira za zombo zonyamula akapolo, kuchokera mu 1619 pomwe anthu oyamba a ku Africa anatsitsidwa ku Virginia. Kenako pamabwera nyengo ya malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow, omwe ankasiyanitsa azungu ndi anthu akuda kusukulu, m'sitima, m'chipatala, ngakhale pampopi womwera madzi. Mmalawi akafika apa akumbukire kuti Kamuzu Banda anaphunzira udokotala pansi pa malamulo omwewa, pa Meharry Medical College ku Nashville m'chigawo chomwechi cha Tennessee, komwe anamaliza mu 1937. Zipinda zoyambazi n'zokonzedwa bwino, koma ndi pomwe anthu amathera nthawi. Amawerenga chikwangwani chilichonse ngati akukonzekera mayeso a Fomu 4, ola n'kutha asanafike n'komwe pa chigamulo cha Brown v. Board of Education cha mu 1954, chomwe chinathetsa tsankho m'sukulu za boma. Mphindi 30 ndi zokwanira pa gawo limeneli.

Pa basi ya ku Montgomery ndiye imani ndithu. Ndi basi yeniyeni yakale yomwe mumakwera. Mkati muli chiboliboli cha Rosa Parks atakhala pampando, ndipo mawu a dalaivala amamveka akulamula mwaukali kuti munyamuke mupite kumbuyo. Ena amaseka poyamba, koma mawuwo akabwereza kuseka kumatha. Chomwe chimapangitsa gawoli kukhala labwino kuposa nkhani yomwe ambiri tinamva ndi chakuti silisiyira pa mayi mmodzi wokana kunyamuka pa 1 Disembala 1955. Parks anali mlembi wa nthambi ya NAACP, bungwe loteteza ufulu wa anthu akuda, mumzindamo, munthu wozolowera kale ntchito yomenyera ufulu. Miyezi 9 m'mbuyomo mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, anali atamangidwa pa mlandu womwewo. Parks atamangidwa, mphunzitsi wa pakoleji Jo Ann Robinson anachezera usiku kusindikiza timapepala masauzande ambiri toitana anthu kuti anyanyale mabasi, ndipo E. D. Nixon, wantchito wa m'sitima, ndi amene anaimbira abusa lamya kuti akumane. King, yemwe anali ndi zaka 26 komanso mlendo mumzindamo, anachita kusankhidwa kuti atsogolere. Anthu anakhala masiku 381 osakwera basi, ndipo chinawathandiza kupirira ndi magalimoto pafupifupi 300 omwe eni ake ankanyamulira anzawo kupita ndi kuchokera kuntchito, tsiku ndi tsiku, pa ndondomeko yake. Kunja kwa basiyo kuli ziboliboli za amayi akuyenda wapansi. Ambiri mwa onyanyalawo anali amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu.

Mfundo yomweyi imaonekanso pa kauntala yodyera, pomwe pali ziboliboli za ophunzira atakhala pamipando yoletsedwa kwa anthu akuda, kumbuyo kwawo kutaima azungu owanyoza. Ophunzira anayi a ku Greensboro anayamba zimenezi pa 1 Febuluwale 1960 m'sitolo ya Woolworth. Kanema woonetsedwa pamenepo musamulumphe. Amaonetsa momwe achinyamata ankaphunzitsirana kukhala chete wina akuwatukwana, kuwakankha ndi kuwakoka pampando. Ku Nashville maphunziro oterewa ankachititsa ndi James Lawson, ndipo mwa ophunzira ake munatuluka Diane Nash ndi John Lewis. Ella Baker, yemwe anasonkhanitsa achinyamatawa pa Shaw University mu Epulo 1960 n'kuwalimbikitsa kuti bungwe lawo la SNCC likhale loima palokha, dzina lake lilipo, koma muyenera kuchita kulifunafuna pakhoma. Mayi amene anagwira ntchito yaikulu chotero akanayenera malo ooneka bwino kuposa pamenepo.

Kuchoka apo zinthu zimathamanga. Pali basi ya Greyhound yopserera, yopangidwa mofanizira yomwe gulu la azungu linatentha pafupi ndi Anniston ku Alabama pa 14 Meyi 1961, itanyamula anthu otsutsa tsankho la m'mabasi. Pali selo yofanizira ya ku Birmingham momwe King analembera kalata yake yotchuka mu Epulo 1963, ulendo wa ku Washington wa pa 28 Ogasiti 1963 womwe Bayard Rustin anakonza ndipo kunafika anthu pafupifupi 250,000, kenako Fannie Lou Hamer ndi nkhondo yolembetsa anthu akuda m'kaundula wa mavoti ku Mississippi, ndi mlatho wa Edmund Pettus ku Selma pomwe apolisi anaswa mutu wa John Lewis pa 7 Malichi 1965. Chofooka cha myuziyamuyi chili m'gawo limeneli. Zipinda n'zoyandikana, ndiye nyimbo za chipinda china zimalowerera mawu a kanema wa chipinda china. Zolembedwa n'zochuluka, zonse m'Chingerezi, ndipo kuwala n'kochepa m'malo ena, choncho wa maso ovuta asaiwale magalasi. Mipando yopumulira ndi yowerengeka. Malcolm X, yemwe anaphedwa pa 21 Febuluwale 1965, komanso Stokely Carmichael ndi gulu la Black Panther, ali ndi gawo lawo, koma limabwera pamene anthu atopa, ndipo ambiri amangolidutsa. Kumeneko n'kudzimana, chifukwa ndi pomwe mumamva maganizo a omwe ankati njira ya King yosabwezera ikuchedwa.

Galimoto yotola zinyalala ikaoneka, dziwani kuti mwafika pa chifukwa chomwe King anabwerera ku Memphis. Pa 1 Febuluwale 1968 kunagwa mvula, ndipo antchito awiri otola zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, anabisala m'malo oponyamo zinyalala kumbuyo kwa galimoto yawo. Makina opanikiza zinyalala, omwe anali akale, anayaka okha n'kuwaphwanya onse awiri. Pa 12 Febuluwale antchito akuda pafupifupi 1,300 anayamba sitalaka. Malipiro awo anali otsika moti ambiri, ngakhale ankagwira ntchito sabata yonse, ankayenerabe kulandira thandizo la boma la anthu osauka. Meya Henry Loeb anakana kuvomereza bungwe lawo. Zikwangwani zomwe ankanyamula zinali ndi mawu anayi okha, I AM A MAN, poyankha azungu omwe ankaitana bambo wamkulu wa ana ngati kamnyamata. Chionetsero cha pa 28 Malichi, chomwe King anatsogolera, chinathera m'chipwirikiti, wapolisi n'kupha mnyamata wa zaka 16, Larry Payne. King anabweranso pa 3 Epulo kuti adzaonetse kuti chionetsero chamtendere n'chotheka, ndipo usiku womwewo analankhula kutchalitchi cha Mason Temple. Sitalaka inatha pa 16 Epulo, iye ataikidwa kale m'manda. Mzinda unavomereza bungwe la antchito ndi kukweza malipiro ndi masenti 10 pa ola. Gawo limeneli lipatseni mphindi 20, chifukwa limaonetsa King wa m'chaka chake chomaliza, wolankhula za malipiro ndi umphawi, yemwe satchulidwa kawirikawiri pa zikumbutso.

Chipinda 306 mumachionera pagalasi, muli m'kanjira kopapatiza. Mkati muli mabedi awiri, chifukwa King ankagona ndi mnzake Ralph Abernathy, makapu a khofi ndi mbale za chakudya, ndipo chapatali pang'ono likuoneka khonde lija. Nyimbo ya Mahalia Jackson imamveka chapansipansi. Kanjirako sikalola anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo tsiku lodzaza mzere umakukankhani musanakhutire. Chothandiza ndi kuima pambali pakhomo la kanjirako mpaka gulu lomwe lili patsogolo litatuluka. Pamenepo mumawerenganso za eni hotela, Walter ndi Loree Bailey, omwe anaigula mu 1945 n'kuisandutsa malo omwe anthu akuda ankagona mosaopa kubwezedwa pakhomo, kuphatikizapo oimba odzajambula nyimbo ku Stax Records. Mayi Bailey anagwidwa sitiroko tsiku lomwe King anawomberedwa ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa.

Tsidya lina la msewu kuli nyumba yogona alendo yomwe ofufuza anati chipolopolo chinachokera pawindo la bafa lake. Inakhala gawo la myuziyamu mu 2002, koma m'zaka zaposachedwa yakhala ikukonzedwa, choncho onani pa webusaiti ngati tikiti yanu ikufikitsani kumeneko. Nkhani yake ndi ya James Earl Ray, yemwe anagwidwa pabwalo la ndege la Heathrow ku London pa 8 Juni 1968, anavomera mlandu wopha King mu Malichi 1969 n'kulamulidwa zaka 99, kenako anasintha mawu. Banja la King linkakayika kuti anachita yekha, ndipo mu 1999 khoti la ku Memphis, pa mlandu womwe banjalo linasuma, linagamula kuti panali chiwembu cha anthu angapo. Unduna wa zachilungamo ku America utafufuzanso mu 2000 unati palibe umboni wodalirika wa zimenezo.

Pafupi ndi myuziyamu mungapeze mayi atakhala ndi zikwangwani zopempha anthu kuti asalowe. Ndi Jacqueline Smith, yemwe ankagwira ntchito ndi kukhala mu Lorraine Motel mpaka pamene anamutulutsa mokakamiza mu Malichi 1988 kuti ntchito yomanga iyambe. Wakhala akuchita chionetsero chake kwa zaka zoposa 30. Mfundo yake ndi yakuti King akanafuna kuti malowa athandize osauka, pomwe myuziyamu yakweza mitengo ya nyumba m'deralo n'kuthamangitsa anthu akuda omwe ankakhalamo. Mukaona malo odyera ndi nyumba zodula za mumsewu wa South Main, mudzavomereza kuti mawu akewo si opanda pake.

Ana osakwana zaka 10 amakonda basi ndi galimoto ya zinyalala, koma pali zithunzi za anthu ophedwa mwankhanza zomwe kholo liyenera kuona kaye lisanabweretse mwana pafupi. Chakudya chilipo pafupi, Central BBQ kuseri kwa myuziyamu ndi Arcade Restaurant mumsewu wa South Main. Wotsala ndi mphamvu angathe kuyenda wapansi kupita ku I AM A MAN Plaza, pambali pa Clayborn Temple, tchalitchi chomwe asitalaka ankanyamukirapo ndipo chinapsa ndi moto mu 2025. Pakhoma la bwalolo panalembedwa mayina a asitalakawo. Ku Mason Temple n'kotalikirako, kumafuna takisi, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti pamene Memphis amatentha kwambiri.